Dzina la Nangondo Linapita Lokha

Kalekale, ana inu, pa njanji ya ku Chiwalambe panali mitu itatu ya sitima za malasha. Inali pachibale, yopangidwa ndi manja amodzi, yofanana ngati mazira. Wamkulu anali Nangondo, kenako Najere, chitsiriza Nabiyeni.

Zitabwera sitima za dizilo, atatuwa anawatsekera m'shedi. Dzimbiri linawadya. Nangondo ndi Nabiyeni mimba zowiritsira madzi zinabooka. Najere mimba inali bwino, koma magudumu anasweka.

Nangondo ankalota chinthu chimodzi basi: kutulukanso, anthu n'kumuombera m'manja. Koma matama, mayo ine! Matama okhaokha.

Tsiku lina kunabwera makaniko wokalamba, a Chimbalanga.

"Amayi inu, zinthu zavuta," anatero a Chimbalanga. "Mabwana akuti pa tsiku la chionetsero mmodzi wa inu ayende. Apo ayi, nonse akakusulani makasu."

Poti anali amtundu umodzi, chitsulo cha wina chinkakwana mwa mnzake. Najere anati, "Mimba yanga nayi." Nabiyeni anati, "Tengani wezulo wanga."

"Nanga inu a Nangondo, magudumu anu abwinowo?" anafunsa a Chimbalanga.

"Aaa, ayi! Magudumu anga anyamule Najere, anthu n'kumatama Najere? Ndakana. Ngati mukufuna, tengani dzina langa lokha mulikhome kutsogolo. Otamidwa ndikhale ine."

A Chimbalanga anaseka mpaka kutsokomola. Anazula chikwangwani cha mkuwa cha dzinalo n'kuchikhoma kutsogolo kwa Najere. Anatenga magudumu a Nabiyeni, adzimbiriwo. Anapala, anapala, anapalabe, mpaka anawala.

Tsiku linafika. Moto anakoleza, madzi anawira, utsi tolotolo! Wezulo anati pyooo! Sitima ija n'kutuluka, chuku chuku chuku.

Anthu anakuwa, "Nangondo wadzuka! Nangondo wadzuka!" Amayi nthungululu, ana liwiro m'mbali mwa njanji.

Nangondo m'shedi muja anasangalala. "Mwamva? Akutama ine!" Koma amve ndani? Munali nkhuku yokha, yomwe inkaikira mazira m'ng'anjo yake. Phokoso linanka kutali, kutali, mpaka zii. Nangondo anatsala mumdima, mtima ukumuwawa.

Madzulo azing'ono ake anabwera akuseka, atapulumuka kusulidwa makasu.

"Achemwali, tinawoloka mlatho waukulu uja!" anatero Najere.

"Ine ndinalira paphiri mpaka anyani kuthawa," anatero Nabiyeni. "Nanga inu, mwini dzina, munaona chiyani?"

Nangondo anayankha motsitsa mawu, "Nkhuku yaikira."

Mwamva, ana inu? Dzina lilibe maso, silingakuonere dziko. Ukafuna kupita ndi anzako, pereka mwendo.

Nthano yanga yaima pa siteshoni, yathera pomwepo. Tsikani.