Chingwe Chimene Edesi Anakana

Thukuta linali litanyowetsa kale bulauzi ya Edesi pamene anafika pakati pa chitunda. Ankakankha njinga yamoto, kumbuyo atamangirira chigubu cha mkaka, pakuti mafuta anali atamuthera pamlatho. Dzuwa linkakwera, mkaka nawo unkafunda. Atafika kunyumba yoziziritsira mkaka, kalaliki anatsegula chigubu, nanunkhiza, napukusa mutu. Unali utasasa. Aka kanali kachitatu mwezi umenewo.

Edesi anali mayi wamasiye wa m'mudzi wina wa kumapiri a ku Thyolo. Mwamuna wake anamusiyira zinthu ziwiri: ng'ombe yamkaka yotchedwa Tilipo, ndi njinga yamotoyo. Ana anali atakula, wina ku Joni, wina kubanja kutali, moti pakhomo wolankhula naye anali Tilipo basi. Ng'ombe yotere imakhala m'khola, kudikira nsenjere ndi madeya. Mkaka ukapanda kugulika, madeya sapezeka, ndipo madeya akasowa, mkaka umauma. Edesi ankadziwa kuti tsiku lililonse lotaya mkaka linkamuyandikizitsa ku khola lopanda kanthu.

Chaka chimenecho mafuta anakwera mtengo ngati akuthamangitsidwa. Botolo la petulo limene ankagula ndi mkaka wa m'mawa umodzi linayamba kudya mkaka wa masiku awiri, ndipo nthawi zina silinkapezeka n'komwe. Alimi a mkaka anakhala pansi kuti aone chochita. Kunabwera munthu wa m'tauni kudzaonetsa njinga yoyendera magetsi, yosalira n'pang'ono pomwe. Anthu anaisirira, koma m'mudzimo magetsi ake anali a nyali za foni. Wina anatchula ngolo ya abulu, anzake namuseka kuti bulu akafika mkaka utasanduka chambiko. Mapeto ake onse anabwerera ku njinga zakapalasa.

Koma njira ya kumeneko ndi yoipa. Imatsika kwambiri kulowera kumtsinje, kenako n'kukwera tsidya linalo, ndipo dothi lake ndi katondo woterera. Choncho amayi anapeza nzeru. Ankanyamuka awiriawiri, ali ndi chingwe. Potsika, mmodzi ankagwira mahandulo, mnzake n'kumakoka chingwe chomangidwa kukaliyala kuti njinga isathawe. Akatsitsa imodzi, ankabwerera kukatenga inayo. Pokwera ankachitanso chimodzimodzi, wina kutsogolo, wina kukankha.

Edesi analimbana ndi njinga yamoto mpaka tsiku la mkaka wosasa lija. Madzulo ake anaifunditsa chiguduli kuseri kwa chitseko, naima pamenepo kanthawi, dzanja lili pachishalo pamene mwamuna wake ankakhala. M'mawa anapita kukasinthanitsa mbuzi ziwiri zimene ankaweta ndi njinga yakapalasa.

Lufina, mlongo wa malemu mwamuna wake, anamupeza akupopa matayala.

“Alamu, mwalowa mpingo wathu wa opalasa tsopano?” anatero Lufina akuseka. “Ndabweretsa chingwe. Mawa ndidzakugogoderani.”

“Kuti ndizitsika chitunda kawiri, n'kukwera kawiri? Nthawi imeneyo ndiitenga kuti? Ndiye inu ndi nkhani zanu zija, tikafika mkaka utabala mphutsi.”

“Nkhani zimapepusa chigubu, alamu.”

“Ine ndayenda ndekha njira imeneyi zaka zinayi. Inu mumayenda mogwirana ngati ana oopa fisi. Ndi mantha amenewo.”

Lufina anasiya kuseka. “Kuyenda awiri si mantha, alamu. Yamoto ija inali ndi injini yokugwirani potsika. Iyi mabuleki ake ndi timphira tiwiri.”

 Chimene Edesi sananene n'chakuti chimwalirire mwamuna wake, maso achisoni a anthu ankamulemera kuposa chigubu. Lufina anapachika chingwe pamtengo wa khola, nabwerera kwawo.

Kwa milungu itatu Edesi anayenda yekha. Ankadzuka anzake asanadzuke, kukama, kumanga chigubu, n'kudutsa njira yachidule ya m'munda wa tiyi kuti asakumane ndi aliyense. Ankafika woyamba. Pobwerera ankamva kuseka kwa amayi kuchigwa, akuitanizana kuti “Kokani!” ndi “Tayani pang'ono!”, iye n'kupalasa mwamphamvu osacheuka. Chingwe chija chinangokhala pakhola mpaka akangaude anamangapo.

Tsiku lina Lamlungu kunacha ndi mvula yamawawa. Tilipo anatulutsa mkaka wochepa, moti chigubu sichinadzaze. Aliyense wonyamula mkaka amadziwa kuti chigubu chosadzaza n'choopsa, chifukwa mkaka umakhuthukira uku ndi uku, n'kumagwedeza njinga. Edesi ankadziwanso, koma anaona kuti nthawi yatha.

Potsika, anagwira mahandulo, nafinya mabuleki. Matayala anasiya kuzungulira, koma njinga sinaime. Mkaka unamenya mbali imodzi, njinga inapendama, phazi lake linaterereka, ndipo onse anakunkhunizika mpaka m'ngalande. Anamva mwendo ukuti thyo, chitsulo ndi chigubu zili pamwamba pake.

Anaitana. Linali Lamlungu, othyola tiyi kunalibe. Anaitananso mpaka mawu anasasa. Mkaka unayenda m'matope ofiira kudutsa pafupi ndi nkhope yake, iye akungouyang'ana. Kutali anamva mabelu a njinga za anzake pa njira yaikulu, kenako anamva nyimbo za kutchalitchi, kenako zii. Mvula inapitiriza kumugwera.

Kunyumba yoziziritsira mkaka, kalaliki anafunsa kuti, “Mayi wofika woyamba uja ali kuti lero?” Lufina sanadikire kuti mkaka wake uyezedwe. Anathamangira kumudzi, napeza chitseko chotseka, Tilipo akulira. Atamufunafuna panjira yaikulu osamupeza, anatsata mkukuluzi wa matayala m'munda wa tiyi, ndipo anamupeza dzuwa litapendeka, akunjenjemera.

“Musandiyang'ane choncho,” anatero Edesi.

“Sindikukuyang'anani, alamu. Ndikuyang'ana pogwira.”

Lufina anakuwa, anthu anabwera, namunyamula pamachira. Kuchipatala anakhalako miyezi iwiri. Mwendo unalumikizana, koma mokhota, moti kupalasa kunatha, kukwera phiri kukadula nsenjere kunathanso. Tilipo anasamutsidwira kukhola la Lufina. Tsiku lomutenga, anamukoka ndi chingwe chomwe chija chimene chinali pamtengo.

Kuyambira pamenepo, munthu akati anyamuke yekha pa ulendo wovuta, anthu a kumeneko ankamubwerezera mawu a Lufina, ndipo mawuwo anafalikira mpaka anasanduka mwambi: Kuyenda awiri si mantha.

Ananu, tanthauzo lake n'lakuti kupempha mnzako kuti akuperekeze kapena akuthandize si kufooka. Pali katundu amene manja awiri sangamugwire, ngakhale akhale olimba chotani, ndipo wogwa ali yekha alibe womuchotsera cholemera, alibenso wokanena kumudzi. Mnzako akhoza kukuchedwetsa, inde, koma ndi yemweyo amene amagwira chingwe potsika.

Edesi alipo mpaka lero. Lufina amamubweretsera kapu ya mkaka wa Tilipo tsiku lililonse, ndipo amacheza. Koma m'mawa, mabelu a njinga akamalowera kuchigwa awiriawiri, iye amatsamira ndodo yake pakhomo la khola, mmene tsopano mwamera bonongwe, n'kumamvetsera mpaka belu lomaliza litazimirira.