Msonkho wa Makoko

Panali mlimi wina wa mtedza, dzina lake Lufeyo. M'dziko lakwawo lamulo la msonkho linali lomveka bwino: pa phindu la munda, gawo limodzi mwa magawo asanu lizipita kwa wokhometsa. Ndati pa phindu, osati pa chilichonse chotuluka m'nthaka.

Chaka china mvula inadula msanga, mtedza sunabereke bwino. Lufeyo atakumba ndi kuthothola, anaona mnansi wake akupatula milu pabwalo asanapite ku sikelo: uwu wa aganyu, uwu wa mwini ngolo, uwu wa mbewu. Wotsalawo anauswa, makoko n'kutaya.

"Taonani kuzemba msonkho masanasana," Lufeyo anauza mkazi wake Nasibeko. "Ine zimenezo ayi. Ndine munthu wa mpingo."

"Bwanji mukafunse kaye, bambo? Mwina n'zololedwa."

"Ndikafunse kuti azikandiyesa wakuba?"

Kufunsa kokhako, abale, kunamukanika munthu wamkulu ndi ndevu zake zomwe! Anakweza zonse m'ngolo, ndi makoko omwe. Dengu la mbewu limene Nasibeko anali atasankha yekha, mtedza wonenepa wokhawokha, analitsomphola m'manja mwake n'kuliponya pamwamba. Panjira ankapatsa anthu moni mokweza kuti amuone.

Wokhometsa anayang'ana muluwo. "Zonsezi ndi phindu, achimwene?"

"Zonse," anatero Lufeyo, chifuwa chili patsogolo.

Munthu uja makoko anawaona ndi maso ake. Dengu la mbewu analionanso, pakuti mtedza wosankhidwa sabisika. Koma anangoyeza zonse. Atamaliza anati msonkho salandira wa makoko, amafuna mtedza woswa. Lufeyo anakhuthula dengu la mbewu lija, n'kukhala pansi kuswa wina woonjezera mpaka sikelo inakwana. Zoona zimenezo? Poyeza awerengera ndi makoko, polandira makokowo sakuwafuna!

Atafika kunyumba anapeza aganyu akumudikirira, ndipo anawapatsa gawo lawo. Mwini ngolo anatenga lake. Kwa ana amasiye a kumpingo kunapita chimene analonjeza. Katsalako kanathera m'ndiwo za ana. Pakhonde panangotsala mulu wa makoko.

Mvula yobzalira itagwa, mnansi uja anatuluka ndi dengu lake la mbewu. Lufeyo anaima m'munda, mizere itapangidwa kale bwinobwino, m'manja mulibe kanthu. Mtima unamuwawa. Anabwerera kwa wokhometsa.

"Mnzanga uja anakuberani, koma lero akubzala. Ine wachilungamo ndili chimanjamanja. Zikutheka bwanji?"

"Sanabe kanthu," anayankha wokhometsa. "Lamulo limalola kuchotsa mbewu, malipiro a aganyu, ngolo, ngakhale chopereka kwa ana amasiye."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinakufunsani, munati zonse ndi phindu. Ine ndimayeza chimene mwandiikira pa sikelo. Ndipo nthawi yodandaula inatha."

Lufeyo anabwerera kwawo. Nasibeko sanamukalipire. Anangotapa makoko m'lichero n'kumuikira patsogolo. "Nayi mbewu imene mwatisiyira, bambo. Kabzaleni."

Nkhani imeneyi imandipsetsa mtima, ndipo sindidziwa kuti ndiyambire kwa ndani. Wokhometsa uja ndi wouma mtima, zimenezo sindibisa. Koma Lufeyo anadzipweteka yekha, chifukwa kusadziwa kwake anakutcha chilungamo.

Tsono inu amene mumadzilemba nokha ntchito, atelala, akalipentala, a magolosale, tamverani. Si ndalama iliyonse yolowa m'thumba mwanu imene ili phindu. Mumagula nsalu ndi matabwa, mumalipira lendi ya shopu, mumalipira antchito, mumakonzetsa makina. Musanapite kukapereka msonkho wa pa zimene mwapeza, kafunseni kuti mwa zimenezi lamulo likulola kuchotsa ziti, ndipo musunge umboni wake. Msonkho perekani wonse, osabisa ngakhale njere imodzi. Koma kuchotsa chololedwa si kuba, ndipo wa pa sikelo sadzakuthamangirani kuti mwaiwala. Mukachita manyazi ngati Lufeyo, anzanu akamabzala inu mudzakhala mukuyang'ana makoko.