Pijo ya a Ezekiel

Wiki imeneyo Mwai sankakhazikika. Riferendamu inali itadutsa, othawa dziko atauzidwa kuti abwerere, ndipo bambo ake, a Ezekiel, ankabwera Loweruka kuchokera ku Zambia. Iye ankafuna chimodzi basi: kukawatenga ku depoti ya Wenela pa Pijo 404 yawo yomwe, imene anaisiya pabwalo ku Chilomoni pothawa, iye ali Sitandade 2.

Vuto lake, galimotoyo inkalira akathira petulo pang'ono mu kabuleta, kenako n'kutsokomola, zii. Dominiko, mnzake wa pagalaja, anamuuza kuti atsate petuloyo kuyambira kuthanki, paipi ndi paipi, aone pomwe akuthera. Mwai anati taimu imeneyo alibe.

"Aise, galimoto yakhala zaka zonsezi, chilichonse n'chowola. Ndisintha zonse."

Anathamangira ku Ndirande n'kubwerako ndi mapulagi, koilo, ndi pampu yomasula ku galimoto ina. Anamanga. Pijo inatsokomola chimodzimodzi. Mawa lake akuti ndiye ndi batire. Tsiku linalo anaphwasula kabuleta, tizitsulo take n'kuyala pamphasa ngati akuyanika mphale. Mlongo wake Tawina anamufunsa ngati adadiwo adzakwere mphasayo. Mwai sanaseke, ndipo anamukaniza kukawachingamira pa minibasi. Kasipuling'i kamodzi ka m'kabuletamo kanadumphira m'kapinga, osaonekanso.

Loweruka linamupeza ali chagada kunsi kwa injini, dzuwa lili paliwombo. Anangoona nsapato zafumbi zaima pambali pa tayala, ndi sutikesi yomanga ndi chingwe. Anali bambo ake. Mdalayo anali atadikira ku Wenela mpaka kutopa, n'kubwera yekha, akufunsira njira ya kunyumba kwake komwe.

Atapatsana moni, a Ezekiel anayang'ana mu boneti nthawi yaitali. Kenako anazula paipi yochokera kuthanki n'kuuziramo mpaka masaya kutupa. Kuthanki sikunamveke kubwata. Dzimbiri linali litatseka paipiyo, petulo sankatuluka n'komwe.

"Mwanawe, zinazi zinakulakwira chiyani?"

Mwai anangoyang'ana manja ake akuda bii. Paipi anaitsegula ndi waya tsiku lomwelo, koma kabuleta yomwe inali bwinobwino inali itafera m'manja mwake, ndipo Pijo inagonabe pabwalopo. Akuluakulu sananame: chulukechuluke ndi wa njuchi, umanena iyo yakuluma.