Mlandu Wozengedwa pa Makina Osokera

"Ndiye akubweradi?"

"Wati afika tsiku la Khirisimasi, masana. Wandiimbira ndili pantchito."

"Aleluya. Abwere, pakhomo pano ndi pake."

Woyankhayo anali telala, mayi amene anzake a kwaya anamutcha Mayi Aleluya, chifukwa ngakhale singano imubaye chala, mau otuluka pakamwa pake anali omwewo. Wobweretsa uthengayo anali mwamuna wake, dalaivala wa basi. Amene ankanenedwayo anali mlongo wake wamng'ono wa telalayo. Ameneyu sanaoneke pamatenda a mayi awo, sanaoneke pamaliro, ndipo kuyambira pamenepo anangoti zii ngati mwala wogwera m'chitsime. Tsopano anali ataimbira mlamu wake, chifukwa nambala ya mchemwali wake ankaiopa.

Pampando wa pafupi ndi zenera panali bambo awo, nkhalamba imene matenda anaiumitsa mbali imodzi ya thupi. Telala ndiye ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwatembenuza pabedi. Mau awo ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wotseka. Chaka chimenecho anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Ana anga... tebulo limodzi... ndisanapite."

"Zichitika, bambo. Ine ndinakhululuka kalekale," anatero telala, akuwapukuta pakamwa.

Ntchito inali itamupanikiza. Mpingo unamupatsa mulu wa nsalu zoyera kuti asoke mikanjo ya angelo a m'sewero la ana, ndipo iye anakana kulandira malipiro. Koma telala akamagwira ntchito amaluma mapini, ndipo pakamwa pakatsekedwa mutu umatsegula zitseko zonse. Phazi likangoponda makina, bwalo la milandu linkayamba.

Mlongo wa m'mutumo anali wonenepa, wa suti, makiyi a galimoto akulira m'dzanja. Ankalowa osagogoda, ndipo nthawi zonse ankayamba chimodzimodzi: "Achemwali, ndili ndi mau." Kenako ankadandaula kuti bambo aonda, chipinda chikununkha, nyumba yalandidwa. Telala ankamuyankha. Tsiku loyamba yankho linali lolendewera, choncho analiphwasula n'kulisokanso. Mawa lake analidula mowonjezera, analipinda m'mphepete, analisita. Pamene angelo ankalandira mapiko, yankho lija linali lopanda kaulusi kotsalira. Mlandu ankaupambana tsiku lililonse, ndipo chokoma chake chinali chakuti woimbidwa mlanduyo sankadziwa n'komwe kuti bwalo likukhala.

"Mayi, mukulankhula ndi ndani?" anafunsa dalaivala tsiku lina, ataima pakhomo la chipinda chosokera.

"Ndikuimba."

"Nyimbo yanji yoimba chala chikuloza khoma? Nane mundiphunzitse, ndizikaimbira okwera basi okana kulipira."

"Chokani apa, inu. Mundilakwitsa msoko."

"Mlamu wanga mumulandire bwino. Mau ake pafoni sanali a munthu wodzamenya nkhondo."

"Mwandimvapo ndikumunenera choipa?"

Dalaivala anaganiza, n'kupukusa mutu. Zoona, sanamvepo. Umboni panalibe kumene, ndipo telala ankanyadira zimenezo. Kwa iye tchimo linali chinthu chotuluka panja, chomveka ndi khutu la mnansi. Zam'mutu ankaziona ngati tizidutswa ta nsalu ta pansi pa tebulo, toti palibe amene adzavale.

Lamulungu lomaliza Khirisimasi isanafike, abusa analalikira za Mariya, mayi amene anaona zodabwitsa n'kuzisunga mumtima, akuzisinkhasinkha mwakachetechete. "Nyumba mwasesa, makatani mwachapa," anatero abusawo. "Nanga m'kati umu mwasungamo chiyani? Chimene mukuchifungatira mwezi uno ndicho chidzaswe pa tsikulo." Telala anafuula Aleluya kuposa onse. Uthengawo anaupinda bwinobwino n'kuusungira mlongo wake, poti unkamukwana ndendende.

Tsiku lija linafika. Angelo anavina m'tchalitchi, anthu anayamikira mikanjo, ndipo masana kunamveka kugogoda. Pakhomo panaima munthu woonda, wa imvi zobwera msanga, nsapato zitadyeka chidendene. M'manja munalibe makiyi. Munali bulangete latsopano, lopindidwa m'pepala la m'sitolo.

Telala anamulandira ndi manja awiri. Anamupatsa madzi osamba m'manja, anamukhazika pafupi ndi bambo awo, anapempherera chakudya pemphero lalitali lotchula mtendere. Nkhalamba ija inkayang'ana uku ndi uku, mwana uyu ndi mwana uyo, misozi ikutsika tsaya limodzi.

Mbale zisanakhudzidwe, mlendoyo anakankhira mpando kumbuyo n'kuimirira.

"Achemwali, ndisanadye, ndili ndi mau."

Phazi la telala linagunda pansi ngati likuponda makina.

"Mau? Iwe uli ndi mau? Khala pansi, umve anga."

"Mayi, taimani kaye..." anayesa dalaivala.

"Musandiimitse! Amayi anatsirizika akuitana dzina lako, khomo likungoyang'anidwa. Unali kuti? Lero wabwera kudzaona ngati bambo aonda? Aonda, inde! Wawanyamulapo? Ukudziwa kulemera kwake kwa munthu wosadzithandiza? Ine ndawachapira zonyansa, ndawapukuta ngati khanda, msana wanga watha, tulo sindikudziwa. Moyo wanga wonse waolera m'chipinda chimenecho. Masiku ena ndimadzuka n'kumvetsera pakhomo pawo, ndikamva akupumabe ndimati, Ambuye, mpaka liti?"

Mau otsirizawo sanali m'yankho losita lija. Anali a pansi penipeni, kumene iye mwini sankasuzumirako. Koma ukakoka ulusi umodzi, msoko wonse umatsata.

Apo m'pamene telala anaona chimene maso ake anachilumpha: mlongo wake sanali chiimire. Bondo limodzi linali litafika kale pansi, dzanja litagwira m'mphepete mwa tebulo. Anakhala choncho kanthawi, kenako anadzuka pang'onopang'ono ngati munthu wodzuka pamatenda.

"Mwanena zoona, achemwali. Ndinathawa. Ndinkaopa kuwaona amayi akutha, kenako ndinkaopa inu." Anamasula bulangete lija n'kulifunditsa miyendo ya bambo ake. "Bambo, ndakuonani."

Anatuluka. Dalaivala anamuthamangira mpaka kumsewu, koma anabwerako yekha.

"Wakwera basi yoyamba imene yaima," anatero, akuvula chipewa. "Mukudziwa zimene anandiuza pafoni? Anati wapeza chipinda choonjezera kumene amakhala. Amafuna apepese, kenako apemphe kuti aziwatenga bambowa miyezi ina, inu mupumeko. Anandiletsa kukuuzani. Amafuna anene yekha, atagwada."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikanadziwa bwanji kuti pakufunika? Inu munati munakhululuka kalekale."

Telala anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba, Aleluya sanapezekemo.

Chakudya chinazizira pa tebulo. Panja ana a oyandikana nawo ankadutsa akuimba za mtendere pansi pano, mmodzi akadali ndi mapiko osokedwa ndi manja a telala yemweyo, oyera mbee, msoko wowongoka osapotoka ngakhale pang'ono. Aliyense wowaona akanati anasoka ndi munthu wa mtima woyera. Akuluakulu anaona kale zoterezi pamene anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuyuyo imatha kunyenga msika wonse, koma tsiku loibenthula limafika, ndipo nyerere sizisankha woti zimulume.

Dzuwa litapendeka, telala anatenthetsa chakudya, anakoka kampando, n'kukhala pamaso pa bambo ake monga mwa masiku onse. Anatunga supuni, anaiuzira, anaifikitsa pamilomo yawo.

"Idyani, bambo."

Nkhalamba ija sinatsegule pakamwa. Dzanja lake lamoyo linali litafumbata bulangete. Inamuyang'ana mwana wakeyo nthawi yaitali, milomo ikulimbana ndi mau, mpaka anatuluka, limodzilimodzi, onse omveka.

"Mwana wanga... ukufuna... ndimwalire liti?"