Kiyi wa a Kadzakumanja

Ana inu, aphunzitsi akakuuzani kuti mwambi wa phula unayamba ndi munthu amene anatafuna zisa za njuchi, musawatsutse. Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma ndikudziwa kumene mwambiwu unabadwira.

Bambo anga, malemu a Kadzakumanja, ankayendetsa makina osakaniza pa kampani ina yopanga mapiritsi ku Limbe. Piritsi si mankhwala okhaokha ayi. Mankhwala amawasungunulira m'chinthu china chimene chimawagwira, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'mimba. Antchito ankangochitcha phula.

Chaka china phula la masiku onse silinafike, pomwe zipatala za ku Nsanje zinkadikira mankhwala a khunyu. Bwana wawo, a Chimtengo, anapeza phula la mtundu wina, loyera chimodzimodzi, ndipo analamula kuti makina alire mawa lake.

Mayi Sigele, katswiri wa pakampanipo, anapempha masiku anayi. Anati kompyuta imatha kujambula tinthu tosaoneka ta mankhwala ndi ta phula, n'kutiika pamodzi, kuti ione ngati tidzagwirana kapena tidzatayana kukatentha. A Chimtengo anaseka, amvekere kompyuta sinamwepo piritsi.

Bambo anga sankadziwa ngakhale poyatsira kompyuta. Koma m'mawa mwake makina anali zii, kiyi wa makinawo ali m'thumba mwawo.

"Bwana," anatero, "mwana sitimukwatitsa tisanafunse mbiri ya kwa mwamuna. Mankhwalawa mukuwapereka kwa mlendo."

"Iwe, ukufuna ntchito kapena unkhoswe?"

"Zonse, bwana."

A Chimtengo analola masiku anayiwo, koma anati kompyuta ikavomereza phulalo, bambo akasiye ovolosi pageti.

Tsiku lachinayi kompyuta inakana. Inati m'kutentha kwa ku Nsanje ziwirizi zidzasiyana mwezi usanathe. A Chimtengo sanakhulupirire. Anapangitsa mapiritsi makumi asanu n'kuwasiya m'galimoto yawo padzuwa, kuti achititse manyazi bambo ndi Mayi Sigele. Patatha masabata atatu anawatulutsa pamaso pa antchito. Piritsi lililonse linali litachita fumbi loyera ngati mchere, longoyoyoka ukaligwira. Mankhwala anali atatuluka kunja.

Bambo anatola limodzi, nalipukuta ndi chala.

"Bwana, odwala aja akanadya phula."

Nthawiyi n'kuti Mayi Sigele atafunsa kale kompyuta za mitundu ina ya phula yopezeka msanga. Wachitatu unagwirizana ndi mankhwalawo, ndipo ku Nsanje analandira mapiritsi enieni mvula isanagwe.

Pa maliro a bambo chaka chathachi, a Chimtengo anaimirira n'kunena kuti ndi iwo amene anaphunzitsa antchito awo kufunsa. Dzina la Mayi Sigele sanalitchule, za kiyi sananene. Abale anga anagwedeza mitu, diso lili pa bokosi limene bwanayo anabweretsa. A Chimtengowo sindinawakhululukire, ndipo akudziwa.

Koma pitani pa kampanipo lero. Kiyi amakhala pa msomali pafupi ndi kompyuta, ndipo palibe amene amamutsitsa yankho lisanatuluke. Wina akapupuluma, anzake amamukumbutsa kuti safunsa anadya phula.

Tanthauzo lake n'lakuti zinthu zofanana m'maso sizifanana mtima, ndipo wodumpha funso amameza chopanda ntchito, kapena kumezetsa anzake. Kufunsa sikufuna satifiketi. Bambo anga yankho sankalidziwa. Ankangodziwa kuti lilipo, ndipo analidikira kiyi ali m'thumba.