Ndakatulo ya Mchere pa Chiliza

Panali bambo wina, telala wa pamsika, amene anasiya ana aakazi awiri, mkazi wamasiye ndi ndakatulo imodzi yotamanda mchere. Mpaka lero ana ajawo safotokoza mofanana za ndakatuloyo. Mwatitha, wamkulu, amene ndi mphunzitsi wa Chichewa, amati inali nyimbo ya munthu wothokoza. Ndaziona, wamng'ono, amene ndi namwino, amati kunali kulira kwa munthu womanidwa.

Bamboyo anaipeka atakalamba, adokotala atamuletsa mchere chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Sankaibisa. Ankailakatula pakhonde, nthawi zina pa chakudya, alendo ali pomwepo:

Mchere, mlendo wosapempha mpando,
ulowa mumphika nusowa,
koma pakamwa ponse pakudziwa.
Tsiku limene sunabwere
ndi lomwe tikutchula dzina.

Mayi awo a ana aja anamwalira kale. Amene ankaphikira bamboyo anali mkazi wake wachiwiri, Nankhoma, ndipo iye anamvera adokotala osabwerera m'mbuyo. Ngakhale mwamunayo achonderere, chikho cha mchere sichinkafika pamphasa. Mlongo wake wa bamboyo, azakhali a ana aja, anamva ndakatuloyo ulendo wina atabwera kudzacheza, ndipo anabwerera kwawo ndi nkhani yakuti mchimwene wawo akumanidwa m'nyumba mwake mpaka wayamba kuimbira mchere. Bamboyo atamwalira, nkhaniyo inakula. Abale ena anasiya kupereka moni kwa Nankhoma.

Nthawi ya mwambo wa chiliza itayandikira, Mwatitha anafuna kuti ndakatuloyo iwerengedwe pamaso pa anthu. Ananena kuti bambo awo sanasiye china chowaposa mawu amenewa. Anaonetsa mng'ono wake mmene ndakatuloyo ikulankhulira ndi mchere ngati munthu wodziwana naye, mopanda mawu okuluwika, ndi mmene ulemu wonse wagonera pa mawu akuti "nusowa": chinthu chimene chimagwira ntchito yake mosaoneka. M'mizere yonse, iye anatero, mulibe pamene mlakatuli akudzitchula kapena kudandaula. Kuiona ngati dandaulo ndi kuikamo zimene mulibe.

Ndaziona sanatsutse kuti mizereyo ndi yabwino. Koma anati iye analipo pamene bambo awo ankailakatula, ndipo maso awo ankakhala pa mbale. Anati kulemera kwa ndakatuloyo kuli pa mizere iwiri yomaliza, pa tsiku limene mchere sunabwere, ndipo m'nyumba muja tsiku limenelo linali tsiku lililonse. Azakhali ndi anzawo akadzaimva pamanda sadzamva luso. Adzatembenuka ndi kuyang'ana Nankhoma, amene anawonjezera masiku a bambo awo powakaniza chimene ankachilakalaka.

"Achemwali, inu mukuwerenga pepala," anatero Ndaziona. "Ine ndikuwerenga nkhope za anthu amene adzakhale pansi pa mitengo kumanda kuja."

"Ndiye tiwaike m'manda kawiri bambo, chifukwa choopa pakamwa pa azakhali?" anayankha Mwatitha.

Aliyense anali ndi pake pogwira, ndipo palibe amene anagonja. Pomaliza anapita kwa Nankhoma, popeza dzina limene likanaipa linali lake. Anamupeza akusankha nyemba. Iye anapempha Mwatitha kuti ailakatule ndakatuloyo pang'onopang'ono, ndipo anamvetsera osaleka ntchito yake.

"Iwerengedwe yonse, ana anga, osadumpha mzere," anatero Nankhoma ndakatuloyo itatha. "Koma mphika wa m'nyumba ya abale mundisiyire ine."

Tsiku la mwambo, Mwatitha anaiwerenga pafupi ndi chiliza. Monga Ndaziona ananenera, mitu ina inatembenukira kwa mkazi wamasiyeyo. Iye sanaweramitse nkhope. Anthu atabwerera kumudzi, khamu linadya ndiwo zothira mchere monga mwa nthawi zonse. Koma m'nyumba mmene munakhala azakhali, ana aja ndi abale apafupi, Nankhoma analowetsa nyama ya mbuzi ndi nyemba zimene anaphika yekha, zopanda mchere ngakhale kam'bulu kamodzi. Pakati pa mphasa anaika kambale ka mchere. Azakhali atalawa anakwinya nkhope nafunsa ngati ophika aiwala.

"Sanaiwale, alamu," anatero Nankhoma. "Umu ndi mmene tinkadyera ine ndi achimwene anu, mbale imodzi, zaka zonse zija. Mchere ndi uwo, wofuna athire. Ine pakamwa panazolowera."

Anatenga nthuli yake nayamba kudya. Palibe m'nyumbamo amene ankadziwa kuti iye sankadziphikira mphika wapadera. Ngakhale ana aja sankadziwa. Ena anatambasula dzanja nathira mchere, pakuti ndiwo zinalidi zovuta kumeza. Azakhali anayang'ana kambale kaja, nadya zawo momwemo.

Inu amene mukuphunzira kusanthula ndakatulo, musafulumire kusankha pakati pa Mwatitha ndi Ndaziona. Woyamba sanalakwe poumirira pa mawu amene ali m'ndakatulo, pakuti tikawasiya aliyense adzaikamo zake, monga anachitira azakhali. Wachiwiri sanalakwe pokumbukira kuti mawu amagwera pa anthu, ndipo ena amawapweteka. Koma onse awiri anakangana za munthu amene ankaimba, osafunsa za amene ankadya naye. Mukamaliza kuyeza mizere, funsaninso kuti ndani wina anakhala pamphasa imene ndakatuloyo inabadwira, ndipo m'mbale mwake munali chiyani.