Mkanda Wofiira wa Ndaona

Kalekale, osati kale la makolo ayi, koma la makompyuta a chimutu chachikulu aja, kunali mayi wina dzina lake Nankhoma. Chaka cha njala anasiya khanda lake, Ndaona, kumalo osamalira ana poopa kuti lingamufere kumsana. Njala itatha anapeza malowo atatsekedwa, ana atamwazikana. Zaka makumi awiri ndi zisanu zinadutsa, mtima ukumupwetekabe. Atayamba kudwaladwala anaitana ana atatu a mlongo wake, Sungeni, Limbikani ndi Ulemu, nati, "Ana inu, ndisafe ndisanamuone."

Sungeni anayenda mpaka anapeza kompyuta ya pamalo paja itaponyedwa mosungira katundu, makoswe ataiyesa nyumba yawo. Anaipukuta, naiyatsa, nakopera pa fulashi kaundula wa ana onse.

Koma fayiloyo inakana kutseguka, poti pulogalamu yake inali yachikale. Limbikani, wa zala zothamanga, analemba m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Python kapulogalamu kolowa m'kaundulamo n'kumawerenga mzere ndi mzere. Inatuluka mizere zikwi zinayi, koma dzina la Ndaona munalibe, pakuti olera anawo ankawapatsa mayina atsopano. Mnyamata anagwira njakata. "Azakhali, pepani, ndalephera."

Ulemu sankadziwa ngakhale poyatsira kompyuta. Iye anangokhala pamphasa n'kumasisita mapazi a azakhali ake.

Kenako anafunsa, "Tsiku lija munamuveka chiyani?"

Nankhoma anagwetsa misozi. "Ndinalibe nsalu, mwanawe. Ndinangomumanga mkanda wofiira m'chiuno."

Ulemu anathamangira kwa Limbikani. "Achimwene, lekani za mayina. Makina anuwo afunseni za mkanda."

Limbikani anasintha mawu ochepa m'kapulogalamu kake kuti kayang'ane pomwe mlembi ankalemba ndemanga. Unatuluka mzere umodzi wokha: "Anabwera ndi mkanda wofiira." Pambali pake panali mudzi womwe mwanayo anakaleredwa.

Atatu aja anakamupeza kumudziko, ndipo Ndaona anabwera ali woyembekezera, mkanda uja ataukulunga m'kampango. Nankhoma anaugwira. Analira, naseka, naliranso, ndipo tsiku limenelo anamaliza phala lonse.

Mdzukulu atabadwa, Nankhoma anati, "Amene wandibwezera mwana wanga ndiye atche khandali dzina." Atanena anawayang'ana atatu aja, onse okondedwa ake, koma analephera kusankha.

Popanda Sungeni kaundula akanadyedwa ndi makoswe. Popanda Limbikani akanakhala chitsekere. Popanda Ulemu mkanda ukanatsalira mumtima mwa mayi wodwala. Khanda likutuluka m'chikuta mawa, ndipo lilibe dzina. Inu mukuti atche ndani?